Muyeso wa Achule

Sigele wandilemba ganyu ya usiku.
Ine amene ndalima mpunga kuno ku Mpamantha
zaka makumi atatu, achule ndikungowakankha ndi phazi,
lero ndikuwanyamula ngati mazira,
tochi kukamwa, matope mpaka m'mawondo,
mwana wa mlongo wanga akundikalipira:
"Malume, musamufinye, mundisokonezera nambala."

Ali ndi kachitsulo ka mano awiri kochokera kusukulu kwawo.
Dzino limodzi amaliika pamphuno pa chule,
linalo kumatako,
n'kuwerenga timizere towonda kuposa tsitsi.
Chule amangoti maso tuzu,
pakhosi pakugunda,
kenaka amamukodzera m'manja
ndipo iye amalemba, osapukuta n'komwe.

Sabata yatha anakagona kuphiri la Chipata
kumene nkhungu imanyowetsa bulangete usanafunde.
Akuti anakapezako abale a achule omwewa,
mawanga omwewa, kulira komweku,
koma kachitsulo kanayasamula kwambiri.
Akuti kozizira mbululu sifulumira kumera miyendo,
chule amakula mwaulesi, amachedwa kukwatira,
zaka zimamuunjikana pamsana
mpaka thupi kudzaza chikhatho.
Kuno kotentha dzinja limodzi lakwana:
waswa, wadya, walira, waikira,
kakowa wamutola asananenepe.

Ndinati basi, lamulo lapezeka, tiye tikagone.
Anaseka.
Akuti mtundu wina umaitembenuza nkhaniyi:
kumtunda nyengo ya chakudya njaifupi,
ndiye wa kumeneko amatsalira,
kungofanana ndi chibakera cha khanda.
Akutinso ukalowera kumwera, masiku ndi masiku pabasi,
kutalikira mzere umene dzuwa limaima paliwombo,
kuzizira kumakupeza ngati wakwera chitunda
ngakhale pansi pali see.
Ndiye kuti pali phiri loimirira,
ndi lina logona
limene timaliyenda osadziwa kuti tikukwera.

Za Lufeyo sindinamukumbutse.
Tinabadwa tsiku limodzi, pamphasa imodzi,
iye kutsogola ndi mphindi zochepa.
Chaka cha njala azakhali anamutengera ku Ntchisi,
ine ndinatsala ndi udzudzu.
Titakumana pamaliro a mayi
malaya anga sanamukwane m'mapewa.
Anthu ankatiyang'ana mosinthanasinthana,
wina n'kunong'ona kuti kapena mzamba anasokoneza ana.
Ine ndinakwatira ndevu zisanagwirane,
iye anadikira mpaka imvi yoyamba.
Sindidziwa ngati kunali kuzizira,
kapena kachewere wa azakhali,
kapena malungo amene ankandichezera mwezi ndi mwezi,
kapena kungoti iye ankagona tulo
pamene ine ndinkamenya chitini kupirikitsa mvuu m'munda.

Wa nambala makumi anayi ndi ziwiri ndi chiswenene,
miyendo yaitali ngati ngongole ya feteleza.
Wandipulumuka, wagwera m'ndowa, watulukanso,
wasiya timizere tozungulira pamadzi.
Sigele akuti musiyeni, wothawa salembedwa.
Ine ndikuganiza kuti mwina ndiye anali wamkulu wa onse
ndipo buku silidzamudziwa.

Pobwerera, tikuponda mosamala pamzere wa munda,
ndamupempha kachitsulo kaja.
Ndaika chala changa chachikulu,
chija chinapindika ndi mpini wa khasu.
Wawerenga nambala, wafunsa kuti ailembe pati,
pakuti tsamba lake lili ndi mipata iwiri yokha:
kutalika kwa thupi
ndi kukwera kwa malo.
Ndati lemba Mpamantha, pansi penipeni.
Ukadzakwera ku Ntchisi mwezi wamawa
ukafunse malume ako ena aja, okhoma zidebe pamsika,
ukawayese chala chomwechi.
Nambala yake usadzandiuze.
Ukangowauza kuti mpunga tawokera kale,
kuti achule chaka chino akulira kwambiri,
ndipo denga la nyumba ya mayi likudontha mbali ya kuchipinda.